Etta Mponda ndi Bwato la Mpando Umodzi

Etta Mponda anabadwira ku Dedza, kumtunda kwenikweni, kumene madzi ambiri amene munthu angawaone pamodzi ndi a mumgolo. Kusambira sankadziwa. Ndiye mukamva kuti mayi ameneyu, zaka zitapitirira makumi anayi, mwana atamupitirira kale msinkhu, anagula bwato mumzinda wa London, musafulumire kunena kuti zinamuzungulira mutu. Mutu wake unali bwinobwino. Chimene chinatopa ndi makutu.

Dzina lake linali lalifupi, losavuta kuitana, ndipo anthu analipezerera. Ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Tottenham, ndipo akangovula jasi m'mawa zinkayambika. "Etta!" kuchipinda ichi, "Etta!" kuchipinda icho, belu apa, belu apo. Gogo wina ankamuitana kuti amufunire mano, wina kuti amutsekere zenera lomwe iye mwini wangomuuza kuti alitsegule. Asaname munthu, Etta ankazikonda nkhalamba zakezo, ankaziseketsa mpaka kutsokomola. Koma akaweruka n'kukwera basi, foni nayo inkayamba yake: mchimwene wake ku Dedza akufulasha kuti iye aimbe. Kunyumba, asanavule n'komwe nsapato, mwana wake Thandiwe ankafunsa m'Chingerezi komwe kuli malaya a sukulu, amuna ake a Biswick nawo akufunsa rimoti, rimotiyo ili m'manja mwawo. Lamlungu kutchalitchi ndiye osanena. Woyambitsa nyimbo anali iye, wogawa ntchito zophika anali iye, ndipo aliyense wongotsika ndege kuchokera kumudzi ankafika ndi nambala ya Etta m'thumba, ngakhale Etta sanamuonepo chibadwire.

Zinayamba m'chilimwe cha 2007. Tsiku lina masana ankayendetsa gogo wina panjinga ya olumala m'mbali mwa mtsinje wa Lea kuti apitidwe mphepo, ndipo anaona mayi wa imvi mbuu akudutsa pamadzi yekhayekha m'kabwato kakang'ono kosongoka, kamene kuno amati kayaki. Mayiyo sankathamangira kulikonse. Ankangopalasa, kuleka, kuyang'ana mitengo, kupalasanso. Etta anaima mpaka gogo wa panjingayo anafunsa ngati tayala laphwa.

Pafupi pomwepo panali kalabu ya anthu opalasa, ndipo Loweruka lililonse ankalola munthu wachilendo kuyesa. Etta anapita mobisa, kunyumba atanena kuti akukagula nsomba ku Seven Sisters. Atamukankhira pamadzi kabwato kanayamba kugwedezeka, iye akutchula Yehova ndi mayi ake omwe anamwalira kalekale. Kenaka mantha atachepa anazindikira chinthu china: kunali zii. Foni inali kumtunda m'kabati. Panalibe belu, panalibe chitseko choti munthu agogode, ndipo ngakhale wina akanamufuna, akanafika bwanji? Anabwerera kunyumba nsomba alibe, zovala zili chinyontho, akuseka yekha m'basi.

Anapitanso kangapo mpaka anaphunzira kuwongola kabwato, kukhota, ndi kutuluka bwino kakagubuduzika. Vuto linali lakuti mabwato a kalabu ankatuluka Loweruka lokha, pagulu, pomwe ofu ya Etta nthawi zambiri inkagwa Lachiwiri. Anthu a pakalabupo anamuuza kuti akakhala ndi lakelake adzamupatsa malo olisungira m'shedi, ndipo akhoza kumabwera tsiku lililonse limene akufuna. Anamuuzanso za Harry, bambo wogulitsa mabwato amene ankabwera nawo kumtsinje pangolo yokokedwa ndi galimoto kuti munthu ayambe wayesa asanagule. Etta anadziwa chimene ankafuna: kayaki ya mpando umodzi, ndi ola limodzi pamlungu lopanda womuitana.

Apa ndi pamene anaphonya mayi wathu. Anauza a Biswick.

Nanga akanatani? Bwato si mpango woti ungabise m'chikwama. Koma kwathu chinthu chachikulu sichigulidwa mwakachetechete, chimafuna mboni, ndipo a Biswick anali munthu woti nkhani yabwino ikalowa m'khutu imawayabwa lilime. Lamlungu lomwelo, pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero, tchalitchi chonse chinali chitamva kuti banja la a Mponda likugula bwato. Ena anamva kuti ndi la injini. Mkulu wa mpingo wina anafunsa ngati lingadzathandize pa ubatizo. Mwayi wake, tsiku loyesalo ambiri anali pa shifiti, ndiye amene anaperekeza anali awiri okha: a Biswick, atavala suti ya kutchalitchi chifukwa pogula katundu wamkulu munthu sapita ngati wopempha, ndi Miriam, mnzake wa Etta wa ku Chipata, namwino wa mawu ngati wailesi, atanyamula chikwama cha mandasi ndi nkhuku yokazinga. Thandiwe anakana kwamtuwagalu, ati anzake a kusukulu amadutsa kumtsinjeko.

Harry anali mzungu wofiira nkhope ndi dzuwa, wosafulumira polankhula. Anaona suti ya a Biswick, anaona chikwama cha Miriam, sanafunse kanthu. Anati ayambe ndi jekete yoyandamitsa munthu pamadzi, chifukwa popanda imeneyo palibe wokwera bwato lake.

Etta anatola yaikulu kuposa zonse. Ndi mmene ankagulira chilichonse kuyambira tsiku limene anafika ku Ulaya: jasi, juzi, nsapato, zonse zokulirapo, kuti iye akatopa nazo zikalowe m'mgolo wopita kumudzi zikakwane wina wathupi. Anaivala, anamanga malamba, anatembenuka kuti amuone.

"Yakukhala, mwana wa amayi!" anatero Miriam. "Na juzi mukati ingalowe."

Harry anapempha chilolezo, anagwira jeketeyo pamapewa n'kuikokera m'mwamba. Inakwera yonse mpaka kubisa makutu, Etta n'kutsala maso okha ngati kamba. Miriam anaseka mpaka kukhala pansi pa udzu.

"Pamadzi idzachita chimodzimodzi," anatero Harry m'Chingerezi chake chodekha. "Jekete idzayandama, inu n'kutsalira pansi. Iyi muyenera kugula yokwana inu, osati wina."

Anamupatsa yaing'ono, yogwira thupi. Etta anaimanga, anapuma, anakweza manja, ndipo inakhala pomwepo osasuntha. Anaiyang'ana modabwa, chifukwa sankakumbukira tsiku lomaliza limene anavala chinthu chomukwana ndendende.

Pa nkhafi panabukanso mlandu. Nkhafi ya kayaki imapalasa mbali zonse ziwiri, ndipo Harry anali nazo zamitundumitundu. Miriam anazinyamula imodziimodzi n'kusankha yolemera kwambiri, ati cholemera ndiye cholimba, zopepukazi ndi za kufooka. Harry anafunsa Etta ngati angakonde kukweza chinthu chimenecho ola lathunthu. Etta, amene mapewa ake ankadziwa kale kulemera kwa anthu, anatenga yopepuka osafunsanso munthu. Chitenje chimene anamanga pamwamba pa buluku nacho chinakanidwa, poti bwato likagubuduzika chikhoza kukulunga miyendo. Anachipinda bwinobwino n'kuchipereka kwa Miriam, akuyang'ana uku ndi uku ngati pali wa kutchalitchi amene akumuona.

Kenaka anafika pa mabwato. Harry anatsitsa awiri pangolo. Lina linali lalitali, la mipando iwiri. Linalo linali lalifupi, lotambalala pang'ono kuti lisagubuduzike msanga, la mpando umodzi, ndipo anauza Etta kuti aliyese kulinyamula yekha, chifukwa bwato loyamba labwino ndi limene mwini wake angalifikitse pamadzi popanda kudikira munthu. Etta analikweza paphewa n'kuyenda nalo. Anamwetulira ngati mtsikana.

"Nanga enawo akhala pati?" anafunsa a Biswick.

"Enawo ati, bambo a Thandi?"

"Ife."

Miriam anazungulira kabwatoko, anasuzumira m'kati, anagwira pakamwa. "Iwe Etta, manje ni chani ichi? Pa dziko pano vinthu volowa muntu umozi ni viwili chabe: chimbudzi na bokosi ya malilo. Ufuna kugula chachitatu?"

A Biswick anaseka, koma anagwirizana nazo. Anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Anati anthu kutchalitchi akamva kuti mayi Mponda agula chinthu chokwera okha, adzati Ulaya yawalowa m'mutu, asanduka odzikonda. Nanga alendo akabwera kuchokera ku Luton, tidzawaonetsa chiyani? Tidzawaimika pamtunda aziombera m'manja?

Mawu akuti wodzikonda anamubaya Etta. Kwathu munthu angakunene kuti ndiwe waulesi, ndiwe wamkamwa, upirira. Koma womana, wodya yekha, limenelo ndi dzina loti limakutsata mpaka kumanda. Anatsitsa kabwato kaja pansi pang'onopang'ono n'kunena kuti chabwino, ayese la awirilo.

A Biswick anavula jekete ya suti n'kuvala yoyandamitsa yaikulu ija, anapinda buluku mpaka m'mawondo, sokosi anakana kuvula. Harry anawaika kutsogolo, Etta kumbuyo, popeza wakumbuyo ndiye amawongola. Atangowakankhira pamadzi, a Biswick anagwira m'mbali mwa bwato ndi manja onse awiri, nkhafi ili pamiyendo.

"Mayi a Thandi, likupendekeka!"

"Silikupendekeka. Khalani phee, palasani."

Anapalasa. Iwo akamenya kumanja, Etta anali kumanzere, nkhafi n'kugundana m'mwamba, khwaa! Bwato linaloza kumtunda, Etta analibweza. Linaloza tsidya lina, analibwezanso. Mantha atawatha a Biswick, pakamwa panatseguka.

"Taonani abakha awo! Onenepa chonchi, opanda mwini? Kwathu akanafika Khirisimasi amenewa?" Anapalasa kawiri. "Kodi simbi munazimitsa? Ine ndinasita tayi pomaliza, koma sindikukumbuka." Anapalasanso. "Achimwene anu aja anafulashanso dzulo pafoni yanga. Ndiye madzi akulowa m'khwapatu, mayi a Thandi, akutsika ndi nkhafiyi. Inu kumbuyoko sakukulowani?"

Etta ankayankha zonse. Simbi anazimitsa. Achimwene adzawaimbira. Nkhafi aitsitse pang'ono, madzi asiya. Anapezeka akuyang'anitsitsa msana wa amuna ake, kudikira phewa lawo kuti adziwe mbali imene amenye, kukonza pamene iwo alakwitsa iwo osadziwa, kuwafunsa ngati akumva kuzizira. Mitengo inali yomwe ija, madzi omwe aja, koma iye sanaone chilichonse. Anali pa shifiti. Chisoni chinamugwira, chisoni chenicheni, moti anaika nkhafi pamiyendo n'kuleka kupalasa.

Bwato linayenda pang'ono lokha n'kuima pakati pa mtsinje. A Biswick anafuna kutembenuka, bwato linagwedezeka, anabwerera msanga kuyang'ana kutsogolo. Ndipo mwina n'chimene chinathandiza, chifukwa pali mawu ena amene munthu sangawanene akuyang'anizana ndi mnzake m'maso.

"Bambo a Thandi," anatero Etta, akulankhula ndi nkhongo yawo. "Ine ndikufuna lija la ndekha."

Bakha wina anadutsa pafupi.

"Ndiye kuti takutopetsani," anatero a Biswick.

"Simunanditopetse. Koma munthu akakhala pafupi nane, kaya ndi inu, kaya ndi Thandi, kaya ndi gogo wa kuntchito, khutu langa limakhala lili tcheru kuti mwina afuna kanthu. Sindichitira dala, ndi mmene ndinakulira. Ndikakhala ndekha pamadzi pano m'pamene limagona. Ola limodzi lokha, bambo a Thandi. Ena onsewo ndi anu."

A Biswick anakanda nkhafi ndi chala. Atalankhula, mawu awo anali otsika, osati aja a abakha.

"Ine kuntchito kuja ku Wembley ndimaima pakhomo pa sitolo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Anthu amadutsa mazanamazana, palibe wondipatsa moni. Amene amandilankhula ndi wofunsa kuchimbudzi. Ndiye nditamva za bwato ndinati, eya, tizikachezako ndi mayi a Thandi, poti pamadzi sangathawire kukhitchini."

Etta anaseka, misozi ili m'maso. Zaka zonsezi m'nyumba imodzi, iye akulakalaka chete, mnzake akulakalaka phokoso, ndipo panalibe amene anauzapo mnzake. Anawamvera chisoni amuna ake, ndipo pang'ono pokha akanati basi, tigule la awiri lomweli. Mawuwo anafika pamilomo. Anawameza.

"Kucheza tizicheza," anatero. "Madzulo tizizimitsa TV, ndizikhala pansi, muzindiuza za anthu a ku Wembley. Koma osati muno."

A Biswick anayamba kupalasa kubwerera kumtunda, mokhotakhota, Etta akuwongola kumbuyo. Etta sanadziwe ngati akwiya. Msana wa munthu suuza zambiri.

Pamtunda Miriam anawalandira ndi ndasi m'manja. "Mwaona ka? Mwaoneka bwino maningi, monga pa ukwati! Ba Harry, mangani yamene iyi."

A Biswick anatuluka m'bwato chokwawa, sokosi zikudontha, anaimirira, anakonza tayi. Kenaka analoza kabwato kakang'ono kaja.

"Tigula ilo."

"Ba Biswick! Bokosi ija?"

"Mlamu, ine ndayesa, ndaona. Madzi si anga. Munthu wobadwira ku Ntchisi ndifuna chiyani pamenepa? Akafunsa kutchalitchi muziti a Biswick ndi amene anakana kukwera, anachita mantha. Muwauze choncho, asamunene mkazi wanga."

Miriam anatsegula pakamwa, anayang'ana Etta, anayang'ana a Biswick, n'kutseka. Pa zaka zonse zimene Etta anamudziwa, aka kanali koyamba. Anangoluma ndasi lija n'kunena kuti anthu a ku Malawi ni ovuta kuwamvetsa.

A Biswick anatembenukira kwa Harry n'kufunsa, m'Chingerezi chawo cha pakhomo pa sitolo, ngati kabwatoko kalipo ka mtundu wina. Kamene Etta ananyamula kanali kobiriwira ngati madzi a mtsinjewo. Harry anati pangolo pali kena kofanana ndendende, koma kachikasu, ndipo anthu ambiri amakakana ati kakuwala mopweteka maso.

"Kameneko," anatero a Biswick. Kenaka kwa mkazi wawo, m'Chichewa, osamuyang'ana: "Kuti tsiku lina ndikadzakhala pa ofu ndizidzakuonani muli patali. Sindidzakuitanani ayi. Kungoona basi."

Etta anawagwira dzanja pamaso pa Miriam ndi mzungu yemwe, chinthu chimene sanachitepo ngakhale pa tsiku la ukwati wawo, ndipo a Biswick anachita manyazi n'kuyamba kufunsa Harry za chikwama chosalowa madzi ndi nsapato za labala, ngati kuti ndi nkhani yofulumira kwambiri.

Harry anatsitsa kachikasu kaja n'kunena kuti akayese, asafulumire kubwerera. Etta anakanyamula yekha mpaka pamadzi, analowa, anakonza mapazi, anadzikankha ndi nkhafi. Kanali kopepuka, komvera, kankapita kumene iye wafuna asanamalize n'komwe kuganiza. Kumbuyo Miriam anali atayamba kale kuyala nkhuku pa udzu, akukakamiza Harry kuti adye ntchafu. A Biswick anakhala pa benchi akufinya sokosi.

Anapalasa kudutsa mabwato ogonamo anthu omangidwa m'mbali, kudutsa pansi pa mlatho, mpaka pamene mtsinje umakhota ndipo mabango amabisa zonse za kumbuyo. Pamenepo anaika nkhafi pamiyendo. Poyamba manja ake anasowa mtendere, anafuna chopukuta, chopinda, chokonza. Anawayang'ana n'kuwaseka. Anakumbukira kuti anayamba kubereka mng'ono wake kumsana mano a mkaka asanaguluke, ndipo kuyambira pamenepo sanakhalepo pansi masana dzuwa likuswa mtengo wopanda chochita, pokhapokha ngati wadwala.

Lero sanali kudwala. Anatsamira kumbuyo, kabwato kakuyenda kokha pang'onopang'ono, ndipo anangokhala.